Momwe mungayambire kiriketi ngati munakula mukuopa bwalo la masewero

Kupulayimale akamagawa matimu ine ndinkatsala pomaliza. Makaputeni ankayang'anizana, wina n'kunena kuti, "Ameneyo akakhale pagolo." Chikulunga chikandipita, kuseka kwa anzanga ndinkafika nako mpaka kunyumba. Ndinakwanitsa zaka 38 ndisanapondenso m'bwalo. Chinandibweza ndi kiriketi ya Loweruka masana, pabwalo la sukulu ina kuno ku Kasungu. Ngati nanunso munakula chonchi, tsatani njira imene ndinadutsa.

Yambani nokha, pakhoma. Pezani mpira wa tenisi, muukulunge ndi tepi ya magetsi ya kuhadiweya mpaka ubweya usaoneke. Nzeruyi inachokera m'misewu ya ku Karachi ku Pakistan: mpira umathamanga bwino koma supweteka kwambiri. Muziuponya pakhoma n'kumawakha kwa mphindi 10 madzulo alionse. Ukabwera m'munsi mwa chifuwa zala ziloze pansi, ukabwera pamwamba ziloze kumwamba, ndipo manja abwerere nawo pang'ono ngati mukulandira dzira.

Pamenepa musapupulume. Munthu amene anasekedwa ali mwana amatsinzina mpira ukamabwera, ndipo ena amatembenuza mutu osadziwa n'komwe. Chizolowezichi chimatha maso akauona mpira kambirimbiri popanda woonerera. Ine ndinatha masabata atatu ndisanasiye kuphethira.

Kenako pezani chomenyera. Bat yeniyeni ndi ya mtengo wa willow ndipo ndi yodula. Kalipentala akhoza kukusemerani ndi thabwa la paini kapena malaina. Mumuuze kuti kutalika kusapitirire masentimita 96, mulifupi masentimita 10, chogwirira achisalalitse. Ikani mpira m'sokosi yakale, muimangirire ndi chingwe kunthambi ya mango, uzilendewera chakumaondo. Imani chambali, phewa lamanzere kutsogolo ngati muli wamanja, dzanja lamanzere pamwamba pa chogwirira. Mpira ukamabwera pondani kutsogolo, mutu pamwamba pake, muukankhe molunjika. Mphamvu zisiyeni kaye. Chomwe mukufuna kumva ndi kaphokoso ka "khoo" pakati pa thabwa.

Mukafika apa itanani anthu. Timu yonse ndi anthu 11, koma asanu ndi mmodzi akwanira poyambira. Nyengo yabwino ndi kuyambira mu Meyi, mvula itasiya ndipo nthaka yauma. Sankhani posalala, musesepo timiyala, muyeze mamita 20, mbali zonse ziwiri mukhome timitengo titatu tofika cham'ntchafu. Imeneyo ndiye wiketi. Woponya amaponya mipira 6, yomwe imatchedwa over, kenako amasinthana ndi mnzake. Omenya awiri akathamanga n'kusinthana malo apeza run imodzi, kutanthauza pointi imodzi. Mpira ukatuluka malire ukugubuduka ndi 4, ukauluka osagunda pansi ndi 6.

Pali lamulo limodzi limene ndikupemphani mulisinthe. Mu kiriketi yeniyeni, mpira ukagwetsa wiketi kapena wina akauwakha m'malere, womenya watuluka basi. Kwa munthu wamantha, kutuluka pa mpira woyamba n'kukakhala pansi masana onse kumadzutsa chilonda chakale chija. Gwirizanani kuti awiriawiri azimenya ma over awiri zivute zitani, ndipo wina akatuluka muzingochotsa ma run atatu. Tsiku langa loyamba ndinatuluka kawiri motsatizana. Bambo wina wachikulire amene anaima kuseri kwa wiketi anangoti, "Achimwene, kwatsala mipira khumi, muuyang'ane ukamachoka m'dzanja." Wachitatu ndinaukhudza, ndipo ndinathamanga mtima ukugunda ngati ng'oma.

Yesaninso kuponya. Chigongono sichipindika monga chimachitira pogenda mango. Mkono umazungulira uli chiwongokere kudutsa pafupi ndi khutu, mpira n'kudunda kamodzi usanafike kwa womenya. Yambani muli chiimire, kuthamangira kudzabwera pambuyo. Ena osamenya bwino amapezeka kuti dzanja lawo n'lolunjika kwambiri poponya, enanso amangokhala akatswiri owakha. Masewerowa ali ndi ntchito zingapo, ndipo pakati pa mpira ndi mpira pamakhala kampata kopumira n'kuganiza, zomwe mpira wamiyendo sunkandipatsa.

Mukayamba kuzolowera, dziwani kuti simuli nokha. Malawi ndi membala wa bungwe la kiriketi padziko lonse la ICC kuyambira 2003, ndipo mu 2019 timu yathu ya amuna inagonjetsa Mozambique pa Kwacha Cup, masewero ake ataseweredwa ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Bungwe la Cricket Malawi ndiko mungafunse za maphunziro ndi zipangizo.

Mpira wachikopa, wolemera pafupifupi magalamu 160, musaukhudze musanapeze chipewa cholimba, magolovesi ndi zotchinga miyendo ndi kumaliseche. Ife mpaka lero tikuseweretsa wa tepi uja, ndipo umafunika kuukulunganso masabata awiri alionse chifukwa dothi lathu limadya tepi msanga.