Momwe mungaperekere tipi mukadya ku lesitilanti ku Mulanje ndi ku Thyolo

Kuno kwathu palibe amene amakakamizidwa kupereka tipi, ija ndalama yapamwamba yothokozera amene wakutumikirani. Ku America operekera zakudya amadalira ndalama imeneyi, moti kusiya 15 mpaka 20 peresenti ya bilu ndi chizolowezi, koma pa Chitakale kapena pa Luchenza mutha kulipira nsima yanu n'kutuluka, wina osakuyang'anani ndi diso lofiira. Komabe malipiro a anyamata ndi atsikana a m'malo odyera ndi ochepa, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama sikulimba m'thumba. Ngati akusamalirani bwino, kangachepe kamawathandiza.

Choyamba, onani malo amene mwalowa. Pa lesitilanti ya pamsika, pomwe mayi yemweyo ndiye wophika, wopakula komanso wolandira ndalama, musavutike ndi masamu. Chenje chikatsala chochepa, ingonenani kuti "Zotsalazo sungani, mayi," basi. Pa chiwaya cha tchipisi ndiye n'zosiyana, paja ndife ogula amene timapempha basela.

Nkhani imakula ku malo ogona alendo, monga a m'tsinde mwa phiri cha ku Likhubula, kumene okwera Sapitwa amapumulira, kapena a m'minda ya tiyi ku Thyolo. Kumeneko ogwira ntchito anazolowera alendo akunja, ndipo tipi ya 10 peresenti ndi yokwanira. Bilu ya K40,000, siyani K4,000.

Chachiwiri, werengani bilu musanapise m'thumba. Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka. Mukaona VAT, dziwani kuti umenewo ndi msonkho wopita ku MRA, wetala salandirapo ngakhale tambala. Koma mukaona mzere wolembedwa kuti service charge, ndiye kuti malowo awonjezera kale ndalama ya ntchito, ndipo simukuyenera kuperekanso pokhapokha mtima wanu utafuna. Funsani ndithu: "Achimwene, ndalama iyi imakufikani?" Yankho lake likuuzani chochita.

Chachitatu, perekani ndalama yeniyeni, m'manja mwa amene wakutumikirani. Mukalipira pa makina a khadi, pa Airtel Money kapena pa Mpamba, zonse zimalowa kwa mwini malo, ndipo si mabwana onse amene amakumbuka kugawa. Ndiye pochoka kunyumba tengani ma K500 ndi ma K1,000 angapo, chifukwa mukatulutsa K5,000 yokhayokha mudzayamba kudikira chenje cha tipi, zomwe n'zochititsa manyazi kwa nonse awiri. Kusiya ndalama patebulo n'kunyamuka, ine sindikulimbikitsa: wochotsa mbale nthawi zina amakhala wina. Pomwe pali bokosi la antchito onse pa kauntala, ponyani mmenemo kuti ophika ndi otsuka mbale, amene simuwaona, alandireko.

Popereka, pindani ndalamayo, perekani ndi dzanja lamanja, mawu akhale apansipansi: "Zikomo achemwali, iyi ya fanta." Osaikweza m'mwamba kuti tebulo lonse lione, ndipo abambo, tipi si njira yopemphera nambala ya foni.

Mukakhala pagulu, gwirizanani bilu isanafike kuti aliyense asonkha zingati. Ndipo chakudya chikachedwa kapena nyama ikafika yosapsa, fufuzani kaye ngati vuto ndi la wetala kapena la kukhitchini, makamaka magetsi akazima. Wetala wamwano musamupatse kanthu, dandaulo lanu mukalipereke kwa manijala.