Mwana akumatha ndalama teremu isanafike pakati, nditani?

Mayi wina wafunsa za mwana wake wa Fomu 2 amene ali kusukulu yogonera konko. Akuti ndalama zimatha m'masabata awiri, kenako amatumiza uthenga wodandaula njala. Yesani izi.

Asananyamuke, khalani naye pansi ndi kope. Alembe yekha, osati inu, zonse zimene amagula: sopo, shuga, mafuta odzola, zolembera, kumetetsa, ngakhale mandasi a pa buleki. Mitengo akafunse yekha kugolosale. Apa musathamange, chifukwa ana ambiri sadziwa n'komwe mtengo wa paketi ya shuga imene amanyambita tsiku ndi tsiku.

Kenako pa ndalama ya teremu yonse apatule ya basi yobwerera kunyumba, aiike mu envulopu, isakhudzidwe. Yotsalayo agawe ndi masabata. Ngati ndi K60,000 ndipo masabata ndi 12, ndiye K5,000 pa sabata.

Musamupatse yonse pakamodzi. Muzitumiza mwezi ndi mwezi pa Airtel Money kapena Mpamba, kudzera kwa aphunzitsi ngati sukulu siilola mafoni, ndipo ndalama yotapira ailembenso m'kopemo.

Povuta ndi apa: akamaliza msanga, musawonjezere, pokhapokha atadwala. Mtima umawawa ndithu, koma nsima ndi nyemba zakusukulu zilipo. Mumuuziretu kuti ngongole za katapila kwa anzake simudzabweza.

Akabwera patchuthi, werengani kope lija limodzi. Imene wasunga ikhale yake, musamulande kuti mugulire ndiwo.