Momwe mungasokere lamba ndi thumba la mfuti la chikopa ngati la abusa a ng'ombe a ku America

Aliyense amene anaonerapo mafilimu a abusa a ng'ombe okwera pamahatchi a kumadzulo kwa America amakumbukira lamba wachikopa wokhuthala, wodzaza ndi zipolopolo kumbuyo, ndiponso thumba la mfuti lolendewera pantchafu. Thumba limeneli pa Chingerezi amalitcha holster. Amene ankasoka zinthu zimenezi m'zaka za m'ma 1800 anali amisiri a zishalo za mahatchi, monga F.A. Meanea wa ku Cheyenne m'chigawo cha Wyoming ndi H.H. Heiser wa ku Denver, ndipo njira imene ankatsata sinasinthe kwenikweni mpaka lero. Ntchitoyi imafuna manja, maso ndi kudekha kuposa makina.

Choyamba, sankhani mtundu wa thumba

Musanagule chikopa muyenera kudziwa kuti mukufuna thumba la mbiri yeniyeni kapena la m'mafilimu, pakuti ziwirizi n'zosiyana kwambiri. M'zaka za m'ma 1850 ku California kunafala thumba lopyapyala lotchedwa Slim Jim, limene linkakumbatira mfuti zazitali monga Colt 1851 Navy kuyambira kukamwa kwa mpope mpaka pafupi ndi chigwiriro. Mfuti zogwiritsa ntchito zipolopolo za m'zikamba zachitsulo zitafala, makamaka Colt Single Action Army ya mu 1873, anthu anayamba kuvala malamba aakulu okhala ndi timalupu tosungira zipolopolo, ndipo panafunika thumba lotha kulowa pa lamba wotereyu. Apa m'pamene panatchuka mtundu wa Mexican loop. Thumba limeneli linkakhala m'mwamba, m'chiuno mwenimweni, ndipo linkameza gawo lalikulu la mfuti, chifukwa mbusa wokhala tsiku lonse pahatchi ankaopa fumbi, mvula ndi kugwetsa mfuti kuposa momwe ankaopera mdani. Lamba wa buscadero, amene thumba lake limalendewera m'munsi pantchafu, anatchuka m'zaka za m'ma 1900 kudzera m'mafilimu a ku Hollywood, ndipo m'zaka za m'ma 1950 mmisiri wina dzina lake Arvo Ojala ankaika chitsulo chopyapyala m'kati mwa chikopa kuti ochita zisudzo azisolola mfuti mofulumira.

Kwa munthu amene akuyamba kumene, ine ndimalimbikitsa Mexican loop, chifukwa amadulidwa kuchokera ku chikopa chimodzi chokha ndipo ali ndi msoko umodzi waukulu. Malangizo otsatirawa ndi a mtundu umenewu.

Chikopa ndi zida

Pa zonse zimene mungalakwitse, kulakwitsa chikopa ndi kumene kulibe mankhwala. Gulani chikopa cha ng'ombe chofufutidwa ndi makungwa a mitengo, chimene ogulitsa amachitcha veg tan. Ku America mafakitale akale monga Hermann Oak ya ku St. Louis, imene inayamba mu 1881, amapangabe chikopa chotere, ndipo mankhwala ena ofufutira amachokera ku makungwa a mtengo wa wattle umene umalimidwa kwambiri ku South Africa. Chikopa chimenechi chikanyowa chimapindika n'kutenga maonekedwe a chinthu chimene chakuta, ndipo chikauma chimauma momwemo. Chikopa chofewa cha majekete ndi mipando, chofufutidwa ndi mankhwala a chrome, sichiumbika motero, komanso mankhwala ake amatha kuyambitsa dzimbiri pa chitsulo cha mfuti. Ngati mukukayika, dulani kachidutswa n'kuyang'ana m'kati mwake: cha makungwa chimaoneka chofiirira ngati khofi wothira mkaka, pamene cha chrome kawirikawiri chimakhala chotuwa mobiriwira pakati.

Makulidwe a chikopa amayezedwa m'maaunsi, ndipo aunsi imodzi ndi pafupifupi mamilimita 0.4. Thumba ndi lamba zimafuna chikopa cha maaunsi 8 mpaka 10, kutanthauza mamilimita 3.2 mpaka 4, pamene timalupu ta zipolopolo timafuna chopyapyala cha maaunsi 3 kapena 4. Dulani kumsana kapena kumapewa kwa chikopa, osati kumimba, chifukwa cha kumimba chimatamuka ngati mphira ndipo lamba wake sachedwa kukhwepa.

Zida zofunika si zambiri: mpeni wakuthwa kwambiri, rula yachitsulo, katoni yolimba, chobowolera chosongoka chokhala ndi nsonga ya mbali zinayi, singano ziwiri zobuntha, ulusi wokhuthala wopaka phula, guluu wa nsapato, nyundo yamtengo, sandipepala ndi chitsulo chomangira lamba. Amisiri okonza nsapato m'misika amakhala nazo zambiri mwa zida zimenezi. Pomaliza pafunika chikombole cha mfuti. Amisiri ambiri sagwira n'komwe mfuti yeniyeni, amagwiritsa ntchito yofanizira yapulasitiki kapena yosemedwa pamtengo motsata miyeso yake, ndipo imeneyi ndiyo njira yabwino kwa aliyense amene alibe chilolezo cha boma chosungira mfuti. Ngati mwiniwake wa mfuti yovomerezeka wabwera nayo kuti muiyeze, achotse zipolopolo zonse inu mukuona, ndipo zikhale m'chipinda china.

Kujambula pa katoni

Pano ndi pamene pagona ntchito yonse, choncho musafulumire. Pindani katoni pakati, kenaka itambasuleni. Imikani chikombole cha mfuti chagada, msana wa mpope utagona ndendende pa mzere wopindawo, ndipo pang'onopang'ono chigudubuzeni kuti chigonere mbali imodzi popanda kuchisuntha pamzerepo. Jambulani ndi pensulo mozungulira m'mphepete mwake. Mukatero onjezerani masentimita pafupifupi 2 kunja kwa mzere umene mwajambulawo, kuchokera pamalo okhethemulira mfuti kutsika mpaka kunsonga kwa mpope, chifukwa chikopa chokhuthala chimadya malo popinda ndipo msoko nawo umafuna malo ake. Kumbukirani kuti Colt Single Action Army inkapangidwa kwambiri ndi mipope ya mainchesi 4¾, 5½ ndi 7½, motero thumba la yaifupi silikwana yaitali.

Pindaninso katoniyo n'kudula mbali zonse ziwiri pamodzi, koma kumtunda kwa mbali imene idzagunda thupi musadule. Kumeneko pitirizani kujambula chipepeso chachikulu, chotalika ngati thumba lenilenilo ndipo chotambalala pang'ono kuliposa. Chipepeso chimenechi chidzapindikira kumbuyo n'kutsika, ndipo pamene chapindikirapo ndi pamene lamba adzadutse. Pa chipepesocho jambulani mizere yopingasa iwiriiwiri, yotalikirana masentimita 2 kapena 3. Mizere imeneyi ikadulidwa imapanga malupu amene thumba limalowamo kuti lisagwedezeke. Lupu imodzi imakwanira mfuti yaifupi, yaitali imafuna awiri.

Kulungani katoniyo pa chikombole, muiike m'chiuno ndipo muone ngati dzanja likugwira bwino chigwiriro. Katoni ndi yotsika mtengo, choncho bwerezani katatu kapena kanayi ngati pafunika kutero. Ndiyeno onetsetsani mbali. Thumba langa loyamba ndinalidula bwinobwino, mizere yosalala, n'kuzindikira popinda kuti ndinagoneka katoni chadodolido pa chikopa, moti ndinapanga thumba la munthu wamanzere pamene ndinkafuna lakumanja. Kuyambira tsiku limenelo ndimalemba mawu oti "kunja" pa katoni iliyonse, ndipo mbali yolembedwayo imayang'ana kumwamba pamene ndaigoneka pa mbali yosalala ya chikopa.

Kudula, kukongoletsa ndi kusoka

Dulani chikopa pathabwa, mpeni utaima chilili, ndipo m'malo mokakamiza kuti mudule kamodzi bwerezani kawiri kapena katatu mumzere womwewo. Kumapeto kwa mzere uliwonse wa malupu bowolani kabowo kozungulira musanadule, kuti chikopa chisadzang'ambike kupitirira pamenepo.

Ngati mukufuna zokongoletsa, nthawi yake ndi ino, chikopa chikadali chotambasuka. Chinyowetseni ndi siponji, dikirani mpaka mtundu wake utayamba kubwerera mwakale koma chikadali chozizira mukachigunditsa patsaya, kenaka dindani maluwa kapena mizere ndi tizitsulo todindira. Matumba ambiri akale anali ndi mzere umodzi kapena iwiri yokha m'mphepete, ndipo kwa ine amenewo ndi amene amaoneka aulemu. Pakani utoto wa chikopa ngati mukufuna. Njira yakale yodetsera chikopa cha makungwa ndi kuviika waya wotsukira mapoto mu viniga kwa masiku angapo mpaka atasungunuka, n'kupaka madziwo pa chikopa. Chitsulo chikakumana ndi mankhwala a makungwa chikopa chimada bii, ndipo mumatsukuluza ndi madzi othira soda pang'ono kuti asidi aphwe mphamvu. Salazaninso m'mphepete mwa kukamwa kwa thumba panopa, chifukwa mukasoka simudzafikapo bwino.

Tsopano pindani thumba, pakani guluu kamzere kochepa m'mphepete mwa mbali zonse ziwiri, dikirani kuti aume pang'ono, n'kuphatikiza. Amisiri ena amaika kachingwe kachikopa pakati pa mbali ziwirizo kuti thumba litakasuke pamalo okhethemulira ndiponso kuti chitsulo chisamadye ulusi. Lembani mzere wa msoko mamilimita 5 kuchokera m'mphepete, ukumbeni pang'ono kuti ulusi ubisale, ndipo ikani timadontho 5 kapena 6 pa inchi iliyonse.

Msoko wake ndi wa amisiri a zishalo. Dulani ulusi wotalika kanayi kapena kasanu kuposa msoko, ikani singano kunsonga zonse ziwiri, bowolani bowo loyamba n'kukoka ulusi mpaka ufanane mbali zonse. Pa bowo lililonse lotsatira lowetsani singano yakumanzere, kenaka yakumanja m'bowo lomwelo, mosamala kuti isabaye ulusi unzake, ndipo kokani zonse ziwiri ndi mphamvu yofanana. Musasinthe dongosolo limeneli pakati panjira, apo ayi msoko udzaoneka wokhotakhota. Ubwino wa msoko umenewu ndi woti ulusi umodzi ukaduka winawo umagwirabe, pamene wa makina umatha kumasuka mtunda wautali. Pomaliza bwererani m'mbuyo mabowo atatu n'kudula ulusi. Kunsi kwa thumba mukhoza kusiya kotsekula kuti madzi ndi fumbi zizituluka.

Kuumba thumba

Viikani thumba m'madzi ofunda, osati otentha, kwa masekondi 20 kapena 30. Madzi otentha kwambiri amaphika chikopa, chimakwinyika n'kuuma gwa ngati phale. Mangirirani pensulo ndi tepi pamwamba pa mpope, kuchokera pa kachitsulo kolozera kansonga kubwerera m'mbuyo, kuti m'chikopa mutsale kanjira koti kachitsuloko kazidutsamo popanda kukola. Kulungani chikombole m'pulasitiki, chilowetseni m'thumba, ndipo kanikizani chikopa ndi zala kapena ndi chigwiriro chosalala cha supuni mozungulira gawo lonenepa losungira zipolopolo. Dulani zikhadabo musanayambe, popeza chikopa chonyowa chimasunga chipsera chilichonse. Chikadali chonyowa chomwecho pindirani chipepeso kumbuyo, ikani thabwa la muyeso wa lamba pamalo opindawo, ndipo lowetsani thumba m'malupu ake. Chikauma sichingalowe popanda kusweka.

Patapita ola limodzi chotsani chikombole ndipo siyani thumba liume pamthunzi pamalo opita mphepo kwa tsiku lathunthu kapena kupitirira. Dzuwa lamphamvu ndi moto zimaumitsa chikopa mopitirira muyeso. Likauma pakani mafuta a neatsfoot, omwe ndi mafuta opaka chikopa ochokera ku mafupa a miyendo ya ng'ombe, pang'ono chabe kunja kwake. Mafuta ochuluka amafewetsa thumba kukhala ngati sokosi, ndipo zikatero silibwereranso. Kwechani m'mphepete mwa msoko ndi sandipepala, nyowetsani, pukutani mwamphamvu ndi nsalu yolimba mpaka pawale, n'kumaliza ndi phula la njuchi.

Lamba ndi timalupu ta zipolopolo

Musatengere nambala ya buluku la munthuyo. Muyezeni atavala zovala zake, pamalo penipeni pamene lamba adzakhale, chifukwa lamba wa mfuti amakhala pamwamba pa buluku ndipo nthawi zambiri amatalika ndi mainchesi angapo kuposa lamba wamba. Muyeso umenewo ndi wochokera pa chitsulo chomangira kufika pa bowo lapakati mwa mabowo asanu otalikirana inchi imodzi. Dulani lamba wotambalala masentimita 6 mpaka 7.5, ndipo kunsonga zake sokereranipo timalamba tiwiri tocheperapo, ta masentimita pafupifupi 4, kamodzi konyamula chitsulo, kena kokhala ndi mabowo.

Timalupu ndi timene timatopetsa. Dulani chingwe cha chikopa chopyapyala chotambalala inchi imodzi ndipo chinyowetseni pang'ono. Sokani nsonga yake pa lamba ndi mzere waufupi woimirira, ikani chikamba cha chipolopolo chopanda wonga kapena kamtengo ka muyeso womwewo, pafupifupi mamilimita 12 ngati zipolopolo zake ndi za mtundu wa .45 Colt, kokani chingwe mothina mochizungulira, n'kusoka mzere wina moyandikana nacho. Yesani kaye timalupu titatu pa kachidutswa kotsala, muyeze mtunda wake, ndipo mukakhutira lembani mizere yonse pa lamba nthawi imodzi kuti timalupu tikhale tofanana. Tikhale tothina poyamba chifukwa timatamuka tokha. Siyani malo opanda timalupu pamene thumba lidzakhale, ndipo ngati mukufuna kuika chikopa china chofewa m'kati mwa lamba, chimateni pambuyo posoka timalupu kuti ulusi ubisike.

Pomupatsa mwiniwake katundu wake muuzeni kuti asasiye zipolopolo m'timalupu kwa miyezi, chifukwa mkuwa ukakhalitsa pa chikopa umatulutsa dzimbiri lobiriwira, ndiponso asasunge mfuti m'thumba nthawi ya dzinja popeza chikopa chimakoka chinyezi. Ngati thumba lathina kwambiri, akulunge mfuti yopanda zipolopolo m'kapulasitiki kopyapyala n'kuisiya m'menemo usiku umodzi, m'malo molithira mafuta.