Mmene mungalembere nkhani ya chifunga chopha anthu

Inu amene mumalemba nkhani zoopsa, tiyeni tikambeko za chifunga. Za afiti talemba zokwanira, lichero louluka, fisi pakhomo, ndondocha kuchigayo, moti owerenga amadziwiratu kumene nkhani ikupita isanafike ndi pakati pomwe. Koma chifunga, chinthu choti aliyense wa ku Thyolo, ku Dedza kapena amene anadutsapo Chikangawa m'mamawa amachidziwa bwinobwino, timangochisiya, pomwe olemba akunja akhala akuchibwereza zaka ndi zaka ndipo mpaka pano chimaimitsabe tsitsi.

Musanalembe chiganizo ngakhale chimodzi sankhani kaye kuti chifunga chanucho chimapha bwanji, chifukwa apa ndi pomwe nkhani zambiri zimasokonekera. M'buku la James Herbert la 1975 lotchedwa The Fog, chifunga chimapengetsa amene wachipuma, ndiye wopha mnzake amakhala munthu yemweyo. Mufilimu ya John Carpenter ya 1980, dzina lomwelo koma nkhani ina, chimachokera kunyanja chitanyamula mizimu ya anthu amene anamizidwa dala zaka 100 m'mbuyomo, yabwera kudzabwezera. Mu The Mist ya Stephen King, ya 1980 yomweyo, chifungacho chimabisa zilombo ndipo anthu atsekeredwa m'supamaketi. Ndiye palinso chija choti pachokha ndi poizoni, ukapuma basi wapita. Tengani njira imodzi. Mukati chikupengetsa, chilinso ndi mizimu, chikuotchanso khungu, owerenga amasiya kuopa chifukwa sakudziwa choti aope.

Mukasankha, chipatseni malamulo ndipo inu eni musawaphwanye. Chimabwera nthawi yanji, chimafika pati, chimalowa m'nyumba kapena chimaima pakhomo, moto chimauopa kapena chimauzimitsa. Malamulowa musawanene onse pachiyambi ngati mukuwerenga chilengezo ku tchalitchi, asiyeni anthu a m'nkhani mwanu awatulukire okha, ndipo lamulo lililonse lidziwike chifukwa choti wina walipira ndi moyo.

Kuti malamulo anu amveke, dziwani kaye mmene chifunga chenicheni chimakhalira. Usiku kukakhala kopanda mitambo komanso kopanda mphepo, nthaka imazizira, mpweya wapansi umaziziranso, chinyezi chake n'kusanduka timadontho ting'onoting'ono toyandama, ndiye poti mpweya wozizira ndi wolemera umatsetserekera kumadambo ndi m'zigwa, n'chifukwa chake m'mawa wa June ukaima pamtunda umaona dambo lonse lili mbuu pomwe iwe uli padzuwa. Dzuwa likakwera chimabalalika. Chiperoni ndi china, chimenechi chimabwera ndi mphepo yachinyezi yochokera kum'mwera chakum'mawa, dzina lake n'lochokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, ndipo ku Mulanje, Thyolo ndi Blantyre chimatha masiku chikungowaza timvula. Owerenga anu zonsezi amazidziwa m'thupi ngakhale sangazifotokoze, ndiye inu mungopotoza chimodzi chokha. Nthawi yakwana 12 koloko masana, mwezi wa October, koma dambo lidakali mbuu. Kapena mphepo ikukankhira utsi wa pamoto kumadzulo koma chifunga chikubwera kuchokera kumadzulo komweko. Osafotokoza zambiri, gogo wina angoyang'ana n'kuuza ana kuti lowetsani mbuzi, basi zakwana.

Ine pamene ndimalimbikira kwambiri ndi apa, werengani zomwe zinachitikadi, chifukwa zimaposa zomwe mungapeke muli pampando. Usiku wa pa 21 August 1986 ku Cameroon, nyanja yaing'ono ya Nyos yomwe ili pakamwa pa phiri lakale lophulika inatulutsa mwadzidzidzi mpweya wa carbon dioxide umene unadzikundikira pansi pake kwa zaka zambiri. Mpweyawu ndi wolemera kuposa umene timapuma, ndiye sunakwere kumwamba, unatsetsereka m'zigwa ngati madzi mpaka mtunda wa makilomita pafupifupi 25, n'kupha anthu 1,746 ndi ziweto pafupifupi 3,500, ambiri ali m'tulo. Nyumba zinali zilili, mitengo ilili, mbewu m'minda zilili. Ena amene anapulumuka anakomoka kwa maola ambiri, podzuka n'kupeza banja lonse lagona osadzukanso, ng'ombe zili lambalamba, kunja kuli zii, ngakhale ntchentche pa mitembo panalibe poti nazonso zinafa. Taganizirani zimenezo, ng'ombe yakufa popanda ntchentche ndi imodzi yomwe. Kanthu kakang'ono ngati kameneko kamaopsa kuposa masamba asanu a magazi. Ndipo onani mmene lamulo likuonekera lokha apa, amene anali pamtunda ambiri anapulumuka, a m'chigwa ndi amene anatha. Mu nkhani yanu zikutanthauza kuti wogona pamphasa afa msanga kuposa amene wakwera padenga, mwana wamfupi ali pangozi kuposa bambo ake, nkhuku ndi agalu ayamba kugwa anthu asanamve kanthu, ndipo koloboyi woikidwa pansi azima yekha pomwe wa pa tebulo akuyakabe. Mayi akaona koloboyi wazima n'kunyamula mwana kumukweza paphewa osadziwa chifukwa chake, owerenga agwira mtima.

Nkhani ya chifunga cha ku London ikuphunzitsa zina. Kuyambira pa 5 mpaka pa 9 December 1952 kunazizira kwambiri, anthu akuotcha malasha ambiri m'nyumba, mafakitale ndi malo opangira magetsi nawonso akufuka, ndiye mpweya wofunda unakhala pamwamba pa mzinda ngati chivindikiro pa poto, utsi wonse n'kusakanikirana ndi chifunga osapeza kotulukira. Chinali chachikasu chakuderako, chonunkha. Mabasi anaima, maambulansi anasiya kuyenda, chinalowa mpaka m'maholo a zisudzo ndi a mafilimu moti okhala kumbuyo samaona kutsogolo. Koma chomwe chimandikhudza ine n'chakuti anthu sanathawe, sanakuwe m'misewu, chifukwa chifunga ku London chinali chozolowereka, ankati chipita ngati masiku onse. Anthu amafera m'nyumba zawo ndi m'zipatala mwakachetechete, makamaka okalamba, ana ndi odwala chifuwa. Chiwerengero choyamba chinali cha anthu pafupifupi 4,000, kafukufuku wa pambuyo pake anafikitsa pafupifupi 12,000, ndipo zimenezi n'zomwe zinabweretsa lamulo lochepetsa utsi woipitsa mpweya lotchedwa Clean Air Act la 1956. Ndiye mu nkhani yanu musafulumire kuthamangitsa anthu. Tsiku loyamba amayi apite kumsika, wakabaza adandaule za makasitomala, kondakitala aitanire anthu ngati kale, wina atsokomole n'kunena kuti ndi chimfine cha nyengo ino. Owerenga akudziwa kuti kuli zoopsa, a m'nkhanimo sakudziwa, mpata umenewo ndi umene umawagwira kuti asasiye kuwerenga.

Tsopano pa kalembedwe penipeni. Chifunga chimalanda maso, ndiye nanunso musiye kulemba ngati muli ndi maso a mbalame yoona mudzi wonse. Khalani ndi munthu mmodzi, muone mpaka pomwe iye akuona, mapazi atatu kapena anayi basi. Zotsalazo zibwere ndi makutu, mphuno ndi khungu. M'chifunga mawu amasokoneza, umamva wina akuitana koma sudziwa ngati ali kumanja kapena kumbuyo, ndiye gwiritsani ntchito zimenezo, mayi amve mwana wake akulira mbali ziwiri nthawi imodzi. Tochi sithandiza, madalaivala amadziwa kuti ukayatsa magetsi akuluakulu m'chifunga kuwala kumangobwerera m'maso mwako, ndiye munthu wanu akayatsa tochi ya pa foni angoona khoma loyera, ndipo wadziulula pomwe ali. Malo akhale amene iye amawadziwa kuyambira ali mwana, njira ya ku mjigo, masitepe 40 kuchoka pakhomo kukafika pa nkhokwe, lero wawerenga 60 nkhokwe sanaigunde. Kusochera kuchilendo n'kwachizolowezi, koma kusochera pabwalo pako ndi zinazake.

Mawu akuti zoopsa, mantha aakulu, chinthu chodabwitsa, achepetseni. Chichewa chili ndi zida zake, mbuu, zii, tsonga, phwii, nyomi, ndipo mawu amodzi otere atayikidwa pamalo pake amaposa ndime yonse. Palinso mwayi wina umene chilankhulo chathu chatipatsa, mawu akuti nkhungu amatanthauza chifunga komanso tizilombo ta pa nyanja ya Malawi tija timatuluka m'madzi n'kukwera ngati utsi wa moto waukulu, tomwe anthu a kunyanja amatikola n'kuumba makeke odya. Msodzi akakuwa kuti nkhungu ikubwera, amayi atha kuthamangira madengu mokondwa, osadziwa kuti lero si imeneyo.

Ngati mwasankha kuti muli chinthu mkati, musachionetse chonse. Chingwe chimene anamumanga nacho munthu m'chiuno chikoke, chilekeze, chikokenso, izi zinalembedwapo kale ndiye inu pezani zanu, mwina belu la njinga likulira likuyandikira koma njinga ikafika palibe wokwera, mwina mbuzi yabwerera yokha pakhomo ili yonyowa mbali imodzi ndipo ikukana kuyang'ana kumbuyo. Mukangochijambula ndi mano ake ndi maso ofiira, chasanduka nyama wamba yoti anyamata a m'mudzi atha kuisaka ndi mauta.

Chifunga chikatsekera anthu malo amodzi, nkhani yeniyeni imayambira pamenepo, ndiye sankhani bwino malowo ndi anthu ake. Golosale ya pa siteji, kalasi ya pulayimale, minibasi yomwe yaima pakati pa nkhalango, siwa ya maliro pomwe achibale osagwirizana akhala chipinda chimodzi. Wina agogoda panja akupempha kuti mutsegule ndipo mawuwo ndi a mlamu wanu, mutsegula? Madzi atha, apite ku mjigo ndani? Posachedwa wina anena kuti pali amene wachiitana chifungachi, maso onse n'kutembenukira kwa gogo amene wakhala pakona, ndipo apa lembani mosamala komanso moona mtima chifukwa tonse tikudziwa kuti okalamba akhala akuphedwa kwathu kuno pa milandu yongowaganizira ngati imeneyi. Musamupange gogoyo kukhaladi wolakwa. Komanso kumbukirani kuti kutseka zitseko ndi mawindo onse n'kuyatsa mbaula mkati nakonso kumapha, mpweya wa makala sununkha ndipo suoneka, anthu amangogona osadzuka, ndiye banja limene ladzitsekera bwino kwambiri kuthawa chifunga litha kupezeka litafa chifungacho chisanalowe n'komwe.

Za komwe chinachokera, perekani zochepa. Anthu atatu anene zifukwa zitatu, wina akuti fakitale, wina akuti mizimu ya kuphiri yakwiya poti anadula mitengo ya kumanda, wina akuti ndi masiku otsiriza, inu osagamula. Pomaliza chifunga chichoke mwa lamulo lomwe munachipatsa lija, kaya ndi mphepo yatembenuka kaya ndi mvula, osati ngwazi yachigonjetsa ndi chikwanje. Kenako tulutsani munthu wanu panja dzuwa likuwala bwinobwino, awerenge makomo amene atsegulidwa ndi amene sanatsegulidwe, ayang'ane kudambo, aone kuti pansi penipeni pafupi ndi mtsinje padakali kachigamba koyera kamene dzuwa silinakachotse.