Munthu akathyoka fupa: zoyenera kuchita musanafike ku chipatala

Wakabaza akagwa pa msewu wa M1, kapena mwana akathothoka mumtengo wa mango kwa Santhe, anthu amathamangira kukoka mwendo kuti "auwongole". Apa ndi pomwe zinthu zimaonongekera. Nsonga za fupa lothyoka n'zakuthwa ngati galasi losweka, ndipo mukamakoka zimadula mitsempha ndi minofu. Ntchito yanu ndi imodzi: fupalo lisagwedezeke.

Yambani mwayang'ana. Kubinya n'kuvulala kwa minyewa yogwira polumikizana mafupa, monga pakakolo. Kuguluka n'kuchoka kwa fupa m'malo mwake, kawirikawiri paphewa. Kuthyoka kuli pawiri: kwam'kati, khungu lili bwinobwino, ndi kwapoyera, pamene pali bala lofika ku fupa. Ndi maso simungasiyanitse kubinya ndi kuthyoka nthawi zonse, choncho ngati patupa, papindika kapena munthu akulephera kupondera, tengani kuti pathyoka mpaka X-ray inene.

Ngati akudandaula khosi kapena msana, kapena miyendo yachita dzanzi, musamudzutse. Munyamuleni anthu anayi pa chitseko, mmodzi atagwira mutu kuti usatembenuke.

Pakakhala bala, liphimbeni ndi nsalu yoyera n'kupanikiza m'mbali mwake kuti magazi aleke. Fupa lotulukira musalibwezere m'kati, ndipo osathirapo dothi, phulusa kapena mankhwala azitsamba. Tizilombo tikalowa m'fupa, mafinya ake amatha miyezi ngakhale zaka.

Tsopano mangani. Pezani timatabwa tiwiri, nsungwi kapena katoni yolimba, ndipo kutalika kwake kupitirire mfundo ya pamwamba ndi ya pansi pa pothyokapo. Akathyoka msongolo, thabwa lichoke pantchafu mpaka kuphazi. Lalifupi silithandiza kanthu, chifukwa bondo likapinda fupa limasuntha. Yalani chitenje pakati pa thabwa ndi khungu, n'kumanga ndi tinsalu malo atatu kapena anayi, koma osati penipeni pothyoka. Mangani mmene mwaupezera mwendowo. Mkono muukoleke m'khosi ndi chitenje, ndipo mphete ndi zibangili muvule msanga kutupa kusanakule.

Mukamanga, tsinani chikhadabo cha kumwendo kapena kumkono womwe mwamangawo mpaka chiyere n'kusiya. Chibwerere kufiira m'masekondi awiri. Chikachedwa, kapena zala zikazizira, mwathina, masulani pang'ono.

Musam'patse chakudya kapena chakumwa, mwina afunika opaleshoni. Fupa la ntchafu limatha kutayira m'kati magazi opitirira lita imodzi, ndiye wothyoka pamenepo agone chagada m'galimoto, osati kum'khazika panjinga. Ku chipatala cha boma cha Kasungu ajambula, amange chikhakha kapena akoke mwendo ndi zolemera. Ofunika chitsulo m'fupa amatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Chikhakha si mapeto a nkhani. Chimauma m'mphindi zochepa koma chimalimba bwino pakatha masiku awiri kapena atatu, choncho musachitsamire. Ikani mwendo pa mapilo, ukwere kuposa chifuwa, ndipo zala muzizigwedeza kawirikawiri. Posamba chikulungeni ndi pulasitiki, chifukwa chikanyowa chimafewa. Kukayabwa, musalowetsemo kamtengo kapena sipoko. Ana amaponyamonso ndalama ndi nthanga, muwayang'anire.

Bwererani ku chipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku, ululu ukamakula osamva mankhwala, zala zikatupa, zikachita dzanzi kapena kusintha mtundu. Ndiye kuti kutupa kwatsekereza magazi, ndipo minofu imatha kufa m'maola ochepa. Fungo loipa lochokera m'kati limasonyeza chilonda.

Fupa la mkono la mwana limagwirana m'masabata atatu kufika asanu ndi limodzi, la munthu wamkulu pafupifupi asanu ndi limodzi, pamene msongolo umafuna miyezi itatu kapena inayi. Kusuta fodya kumachedwetsa. Ululu umatha fupa lisanalimbe, n'chifukwa chake amene amadula chikhakha ndi chikwanje kuti akalime munda amabwerera ndi fupa lopindika, lofunika kulithyolanso pa opaleshoni.