Mphatso za Khirisimasi osakhudza ndalama ya feteleza

Kuno ku Kasungu Khirisimasi imafika thumba litapepuka kale. Ndalama ya fodya ya ku msika wa Chinkhoma inalowa miyezi ya Epulo mpaka Ogasiti, ndipo pofika Disembala yatsala yochepa. Chimanga chodzala ndi mvula yoyamba chimafuna feteleza wobereketsa pakatha masabata atatu kapena anayi chimerereni, sukulu zimatsegula kumayambiriro kwa Januwale, ndipo mu Febuluwale nkhokwe zambiri zimakhala zitagona. Choncho musanafunse kuti mugulira ndani chiyani, funsani kaye kuti ndalama yomwe mwagwirayo ndi ya Disembala kapena ya Januwale.

Tengani kope, mulembe zonse zomwe zikukudikirani kuyambira pa 26 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale: matumba a Urea, aganyu opalira ndi kubandira, makope, yunifomu ndi thiransipoti ya ana, lendi, chigayo, sopo, mchere, ndi kangachepe ka matenda chifukwa malungo amachuluka nthawi ya dzinja. Muwonkhetse, muchotse pa ndalama yomwe muli nayo m'manja. Osawerengera ndalama yomwe mlamu analonjeza kapena bonasi yomwe abwana sanaitchule. Chotsalacho ndiye cha chikondwerero, ndipo mphatso zisapose gawo limodzi mwa magawo atatu a chotsalacho. Mwachitsanzo, ngati mwagawana K300,000 ku banki mkhonde ndipo za Januwale ndi Febuluwale zikukwana K240,000, chatsala ndi K60,000. K40,000 ipite ku mpunga, nkhuku ndi mafuta ophikira, K20,000 ku mphatso. Ikuoneka yochepa, koma ndiyo yanu yeniyeni.

Ndalama ya Januwaleyo isagone m'nyumba ngati ndalama. Njira yodalirika ndi kuisandutsa katundu tsiku lomwelo la kugawana: gulani feteleza, makope ndi sopo, muikiretu. Thumba la Urea la makilogalamu 50 silipita ku bawo kapena ku malo omwera, pomwe ndalama ya pa Airtel Money kapena Mpamba imatha pang'onopang'ono ndi mabandulo ndi timapempho ta abale. Amene anaona kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 akudziwanso kuti katundu wogula kale sakwera mtengo. Thumbalo muliike pa matabwa kapena njerwa, losatsegula, kutali ndi khoma, chifukwa Urea amakoka chinyezi n'kuundana.

Kenako lankhulani ndi abale mwezi wa Novembala usanathe. Ambiri amawononga ndalama chifukwa cha manyazi, osati chikondi, ndipo manyaziwo amachepa mukanena msanga. Kwa apongozi munganene kuti, "Amayi, chaka chino tayamba ndi feteleza. Tidzabwera ndi ana pa 25, tidzadyere limodzi, ndipo m'mawa mwake tidzakupalirirani munda wa kudambo uja." Kwa achimwene ndi achemwali, gwirizanani kuti akuluakulu musagulirane kanthu, koma musonkhe pamodzi mugulire makolo chinthu chimodzi cholimba, monga bulangete, ndowa yokhala ndi chivindikiro kapena malata awiri otsekera pamene pakudontha. Ngati ana a pabanja lonse ndi ambiri, lembani mayina awo pa timapepala, mupinde, khomo lililonse litole dzina limodzi kapena awiri. Mwana aliyense alandira, palibe amene wasenza mudzi wonse. Chimene chimasokoneza dongosololi ndi m'bale mmodzi wa ku Lilongwe wofika ndi majumbo odzaza pamene ena anasunga pangano. Muuzeni mwaulemu kuti ngati ali ndi zochuluka, awonjezere ku thumba la makolo.

Mphatso zambiri zabwino zili kale pakhomo. Chiponde ndi chimodzi, ndipo chimafuna chisamaliro kuposa mmene anthu amaganizira. Kilogalamu imodzi ya mtedza wosenda imadzaza mabotolo awiri apakati. Mtedza wofiira wa CG7 uli ndi mafuta ambiri, kotero umafewa msanga mu mtondo kuposa Chalimbana. Yambani ndi kusankha: tayani wonse wofota, wobooka, wakuda kapena wonunkha nkhungu. Pofika Disembala mtedza wakhala miyezi yambiri m'thumba, ndipo poizoni wa chuku satha ndi moto, ndiye musanyengeke kuti kukazinga kukonza zonse. Kazingani pa moto wa makala wochepa kwa mphindi 15 mpaka 20, mukutakasa osaleka, mpaka khungu liyambe kusupuka mukalifikisa. Moto waukulu umapsereza kunja mkati muli mwauwisi, chiponde n'kumawawa. Uzizire, mufikise, mupete, kenako musinje mu mtondo wouma mpaka mafuta atuluke okha. Mchere ndi supuni yaing'ono imodzi pa kilogalamu. Musathiremo madzi ngakhale dontho, ndipo mabotolo muwatsuke dzulo lake kuti aume bwinobwino; chinyezi ndicho chimabweretsa nkhungu. Mafuta akayandama pamwamba sikuti chaonongeka, n'kungotakasa ndi supuni youma.

Kwa mwana wa zaka 8 kupita m'tsogolo, msoti wa nkhuku ya lokolo umaposa galimoto ya pulasitiki ya mabatire, yomwe nthawi zambiri siona chaka chatsopano. Koma nkhuku yopatsana ndiyo njira imodzi imene chitopa chimayendera. Perekani yochokera m'khola lanu lomwe mukulidziwa, osati yogula pamsika dzulo, ndipo ikhale yolandira katemera wa I-2, wodontheza m'diso, amene amabwerezedwa miyezi inayi iliyonse. Wolandirayo aisunge payokha masabata awiri asanaisakanize ndi zake. Uzaninso makolo a mwanayo poyera kuti nkhukuyo ndi yoweta, apo ayi mudzaipeza mu mphika pa 1 Januwale.

Mbande ya mtengo imagwirizana ndi nyengo, popeza nthawi yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka 15 Epulo, ndipo m'dera lathuli zigafa ndi mabani a fodya zinadya mitengo yambiri. Mango omezanitsa amayamba kubereka pakatha zaka zitatu kapena zinayi. Musangopereka mbande n'kuchoka. Kumbani limodzi dzenje la masentimita 60 mulitali, mulifupi ndi kuya, musakanize dothi lapamwamba ndi ndowa ya manyowa owolerana, muchotse pulasitiki, ndipo pomezanitsira pakhale pamwamba pa nthaka. Mphukira zotuluka m'munsi mwa pomezanitsirapo muzithyola, chifukwa zikakula mtengo umabwerera ku mango wamba. Tchingirani ndi minga kapena njerwa, chifukwa mbuzi zimamasulidwa chilimwe.

Zina ndi zachidule. Dengu la mango, chigumu chotentha, ndowa ya thobwa, botolo la ngumbi zokazinga, kapena tsiku limodzi la khasu m'munda mwa agogo. Akale anati kupatsa n'kuika, ndipo tsiku lopalira limabwezedwa nthawi imene inunso mwapanikizika.

Ngati mukufunadi kugula, gulani chimene banjalo likanagulabe. Nsapato za sukulu kapena yunifomu zoperekedwa pa 25 Disembala ndi mphatso kwa mwana komanso ndalama yopulumuka mu Januwale. Zovala za pa kaunjika muzisankha mu Okutobala kapena Novembala, chifukwa sabata ya Khirisimasi ogula amachuluka ndipo wogulitsa safuna kunenerera. Popita pa boma kapena pa msika wa Santhe, Chamama kapena Nkhamenya, nyamulani mndandanda ndi ndalama yokwana mndandandawo basi, ndipo ana atsale kunyumba. Chikwangwani chonena kuti mitengo yatsika chisakuthamangitseni ngati simukudziwa mtengo wa mwezi watha. Pa mabisiketi, juwisi ndi zam'zitini, onani deti lothera ntchito, poti katundu wokhalitsa amakonda kutulutsidwa nthawi ya piringupiringu. Ana a m'mudzi obwera kudzapempha Khirisimasi bokosi akonzereni mbale ya zitumbuwa kapena mango, osati ndalama, chifukwa mukapatsa mmodzi K500 mbiri imafika mudzi wonse dzuwa lisanapendeke.

Katapila ndiye musamuyandikire n'komwe. Ngati wobwereketsa akufuna K15,000 pa K10,000 pakutha mwezi, ngongole ya pa 20 Disembala imakhwima pa 20 Januwale, pomwe m'munda mulibe chogulitsa. Mukalephera, chiwongoladzanja chimaberekanso, ndipo mapeto ake ndi kugulitsa njinga, mbuzi kapena fodya ali m'munda pa mtengo wolira. N'chimodzimodzi kutapa chimanga m'nkhokwe kuti mugule zovala: mudzachigulanso mu Febuluwale mtengo utakwera.

Otumiza ndalama kumudzi pa foni, tumizani kamodzi kwa munthu mmodzi wodalirika, mutagwirizana ntchito yake, m'malo motumiza timagawo kasanu, chifukwa kutapa kulikonse kuli ndi mtengo wake. Mukalandira uthenga wa pa nambala yachilendo wonena kuti ndi m'bale wanu ndipo mutumize pa nambala ina, muimbireni kaye pa nambala yomwe mumaidziwa, mumve mawu ake.