Zilema za pa chithunzi cha collodion: zosiya ndi zochotsa

Chithunzi changa choyamba cha collodion chinatuluka ndi mizera yotsetsereka, ngodya imodzi ili bii, chala changa chachikulu chitadinda m'mphepete. Ndinachinyadira zedi. Lero ndikachiyang'ana ndimangoseka, chifukwa zambiri zomwe ndinkati n'zokongola zinali kusadziwa kwanga basi.

Njira imeneyi, yojambula pagalasi lothiridwa mankhwala amadzi omata otchedwa collodion, yomwe Frederick Scott Archer anaifalitsa mu 1851, siidikira munthu. Kuchokera pothira collodion mpaka potsuka chithunzi muli ndi mphindi 10 kapena 15 galasi lisanaume, ndiye zilema sizilephera. Chofunika n'kudziwa komwe chilichonse chachokera, kuti chosiyacho muchisiye mwadala.

Yambani mwaphunzira kutulutsa galasi lopanda banga. Thirani collodion pakati, mupendeketse kuti afike ngodya zonse, wotsalayo abwerere m'botolo kudzera pangodya yomaliza uku mukuligwedeza galasilo uku ndi uku. Mukapanda kugwedeza, mizera ija imakhazikika. Poviika mu silver nitrate, mankhwala amene amachititsa kuti galasi lizigwira kuwala, lowetsani kamodzin'kamodzi, chifukwa dzanja likangokayika pakati, mzere umadula chithunzi chonse. Lisiyeni mmenemo mphindi zitatu. Valani magalasi oteteza maso: zala zikada ndi silver zimadzayera, koma diso ayi.

Tsono pali mabanga otuwa, opindikapindika, amene ojambula amawatcha oysters. Amabwera chifukwa cha silver wodontha amene watsalira m'chogwirira galasi cha kamera. Anthu ambiri amawakonda, inenso ndimawalola akakhala m'mphepete, pomwe amaoneka ngati utsi wozungulira munthu. Koma akakwera n'kufika patsaya, galasi limenelo ndimalipukuta n'kuyambiranso. Kuti achepe, pukutani kumbuyo kwa galasi ndi ngodya za chogwiriracho musanajambule chilichonse. Mukafuna pang'ono chabe, siyani ngodya imodzi yosapukuta.

Ngodya yomaliza ija, pomwe collodion amakhuthala, ndiyo imasonkhanitsa zilema zambiri. Kumbukirani kuti mu kamera chithunzi chimakhala chozondoka, choncho lowetsani galasi moti ngodyayo igwere pa chovala kapena pansi, osati pamutu.

Timabowo tambirimbiri ngati ta singano ndi chifunga chophimba chithunzi chonse, izi ine sindiziwerengera ngati luso. Kawirikawiri zimasonyeza kuti silver wanu watopa. Muikeni padzuwa m'botolo loonekera mkati, zonyansa zidikhe pansi, kenako musefe. Fumbi nalo limasiya kadontho kokhala ndi mchira. Kamodzi kumwamba kwa chithunzi n'kokoma, pamphuno ayi.

Ena amati Julia Margaret Cameron, wojambula zithunzi wa ku Britain amene analandira kamera yake mu 1863, ankasiya mabanga ndi zidindo za zala ngakhale anzake ankamunyoza. N'zoona, koma taonani nkhope za m'zithunzi zake: maso ndiwo amayamba kukugwirani, banga mumaliona pambuyo.

Gamulani musanapake vanishi. Ine ndimaimika galasi louma pakhoma, n'kubwerera m'mbuyo mapazi atatu. Diso likathamangira kubanga lisanafike kwa munthuyo, botolo la vanishi wa sandarac sindilitsegula n'komwe.